Nkhondo ya ufulu ku Mozambique, 1964 mpaka 1974: inaisintha bwanji midzi, mafumu ndi ndale?

aMbewe_Ntcheu

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa odziwa mbiri ya anansi athu. Nkhondo ya FRELIMO, gulu lomenyera ufulu wa Mozambique, ndi Apwitikizi ambirife timangoidziwa ndi masiku ake: inabuka pa 25 Sepitembala 1964 ku Chai, pangano linasainidwa ku Lusaka pa 7 Sepitembala 1974, ufulu unabwera pa 25 Juni 1975. Chomwe chikundisowa ndi za m'katimu. Anyamata a m'tchire aja ankadya chiyani, ndipo zida zinkawapeza bwanji? Mlimi wamba wa ku Niassa kapena ku Tete moyo wake unasintha pati? Komanso n'chifukwa chiyani boma lomwe linatuluka m'nkhondoyi linasiyana kwambiri ndi la Malawi ndi la Zambia? Kuno mafumu anatsala pa mipando yawo, koma tsidya linalo anawachotsa onse.

aJere

A Mbewe, yambirani pa mutu wa wamtengatenga, zina zonse zimveka zokha. M'madera omwe FRELIMO inkamenya nkhondo munalibe galimoto yake ngakhale imodzi. Zida zinkatsika pa doko la Dar es Salaam, n'kupita pa malole kumisasa ya kummwera kwa Tanzania monga Nachingwea, ndipo zikawoloka mtsinje wa Rovuma zinkayenda pamutu basi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Munthu woyenda ulendo wa masiku ambiri sasenza kuposa makilogalamu 20 kapena 25. Bomba lokwirira mumsewu la mtundu wa TM-46 limalemera pafupifupi makilogalamu 9, ndiye kuti munthu mmodzi, mabomba awiri. Chipolopolo cha motala ya mamilimita 82 chimaposa pang'ono makilogalamu 3, choncho munthu amanyamula zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri, zomwe woombera amatha kuzimaliza mphindi imodzi isanakwane. Tsono wosenzayo nayenso amadya, tinene kilogalamu imodzi patsiku. Ulendo ukakhala wa masiku 20 kupita ndi kubwerera, kamba wake yekha akwana katundu yense, malo a zida n'kusowa. Apa ndiye pagona nkhani: chakudya chinkayenera kupezeka m'njira, pa mtunda uliwonse woyenda tsiku limodzi. Pamafunika anthu olima, osinja, ophika, osunga chinsinsi. Popanda midzi yotsatana ngati mikanda pa chingwe, mfuti siyenda.

N'chifukwa chake nkhondoyi inali yolimbirana anthu, osati nthaka. Ku Cabo Delgado zinatheka msanga popeza Amakonde a ku mapiri a Mueda ndi ambiri, malire ali pafupi, ndipo chilonda cha kuphedwa kwa anthu pa boma la Mueda pa 16 Juni 1960 chinali chikadali chachiwisi. Ku Niassa zinavuta. Dera ndi lalikulu, anthu ndi ochepa, ndipo Apwitikizi atayamba kutentha midzi ya m'mbali mwa nyanja mu 1965, ambiri anathawira ku Likoma, kumtunda kwa Malawi ndi ku Tanzania. Asilikali a FRELIMO anatsala ndi tchire lopanda wolima, ndipo njala inawasautsa kuposa adani.

Ulimi womwe unasintha. Munda waukulu umaonekera m'ndege, ndiye anthu ankalima timinda ting'onoting'ono tobalalika. Chinangwa chinaposa chimanga pa chifukwa chodziwika: chimakhala m'nthaka mpaka uchifune, sichilira nkhokwe yomwe msilikali angaitenthe. Kuphika kunali kwa usiku kapena m'bandakucha kuti utsi usaulule malo. Zokolola ankazibisa kutali ndi misasa yogona. Apwitikizi nawo anazindikira, moti chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anafika powaza mankhwala oumitsa mbewu pa ndege ku Cabo Delgado.

Mtolo waukulu wa ntchitoyi unagwera amayi. Gulu la asilikali achikazi, Destacamento Feminino, linakhazikitsidwa mu 1967, ndipo ntchito yake yatsiku ndi tsiku inali kusenza zida, kukopa anthu m'midzi ndi kusamala ana amasiye. Zinautsa mikangano m'mabanja, chifukwa mtsikana wochoka pakhomo mwezi wathunthu ali pakati pa amuna achilendo sizinali za mwambo, ndipo makolo ankaopa kuti sadzakwatiwa. Chipani chitalowererapo kuti atsikanawo azipita, chinali chitalanda kale mphamvu yomwe kale inali ya bambo, ya malume ndi ya anamkungwi.

Kumbali ya Apwitikizi, chowazunza kwambiri anali mabomba okwirira. Mdipiti wa malole a Berliet ndi Unimog unkatsogozedwa ndi asilikali oyenda pansi m'mizere iwiri, aliyense ndi ndodo ya msomali kunsonga, kubaya dothi phazi ndi phazi. Lole yoyamba ankaidzaza matumba a mchenga. Ulendo wa maola awiri unkatha tsiku lonse. Mabomba enanso, monga PMD-6, anali m'kabokosi kathabwa, ovuta kuwapeza ndi makina. Mabomba a nkhondo iyi ndi ya pambuyo pake anapitiriza kudula anthu miyendo mpaka dziko linalengezedwa kuti layeretsedwa mu Sepitembala 2015.

Nangondo

Zomwe afotokoza a Jerezi Apwitikizi ankazidziwa bwino, ndipo yankho lawo linali kusamutsa anthu. Midzi yokakamiza ija ankaitcha aldeamentos. Pofika 1974 munali anthu pakati pa 750,000 ndi miliyoni imodzi, ambiri a ku Niassa, Cabo Delgado ndi Tete.

Kachitidwe kake kanali kotere. Akuluakulu a nkhondo ankasankha malo pafupi ndi msewu kapena kampu ya asilikali, poyang'ana kulondera kosavuta, osati chonde kapena madzi. Anthu ankapatsidwa masiku ochepa, nthawi zina maola. Akachoka, mudzi wakale ndi nkhokwe zake ankautentha kuti pasapezeke wobwerera. Kumalo atsopano nyumba zinkamangidwa m'mizere yoongoka, malo ena atazingidwa ndi waya, pachipata pali alonda a m'mudzi momwemo opatsidwa mfuti. Kutuluka kunali kwa m'mawa, kubwerera dzuwa lisanalowe, ndipo opita kumunda ankasechedwa kuti asatulutse ufa kapena mchere. Wopezeka kunja kwa dera lololedwa ankatengedwa ngati chigawenga.

Zinkalakwika pati? Poyamba, nthawi. Kusamutsa anthu mvula itagwa kale ndiye kuti chaka chimenecho palibe kukolola. Kenako nthaka: anthu 2,000 akaunjikana pamodzi, minda yapafupi imatha msanga, yotsalayo ili kutali koposa momwe munthu angayendere n'kubwerera dzuwa likadalipo. Chitsime chimodzi pa khamu lotere, zimbudzi zosakwanira, matenda otsegula m'mimba ndi chikuku zinkatenga ana. Ndipo pali china chomwe olemba mapulani sankachiona n'komwe. Kwa Achewa, Anyanja ndi Ayao mudzi ndi mbumba, manda a makolo ndi malo othirira nsembe. Ukasakaniza mbumba khumi m'mizere, nyakwawa zitatu n'kuziika pansi pa mmodzi wosankhidwa ndi boma, milandu ya malo ndi ya ufiti siitha.

Za mafumu zomwe mwafunsa, a Mbewe, gwero lake ndi lomweli. Mfumu yovomerezeka ndi boma la Apwitikizi, régulo, inkalandira malipiro ndi yunifolomu, ndipo ntchito yake inali kutolera msonkho, kupereka anthu a chibalo ndi kukakamiza ulimi wa thonje. Nkhondo itafika, masana boma linkafuna maina a odyetsa zigawenga, usiku a FRELIMO ankafuna ufa ndi anyamata. Mapanga awiri avumbwitsa: mafumu ena anafera m'ndende za PIDE, apolisi achinsinsi a Apwitikizi, ena anaphedwa ndi FRELIMO. Analipo omwe analowa m'tchire ndi anthu awo onse, monga mfumu Mataka ya Ayao. Koma m'madera a FRELIMO ntchito zogawa minda, kuweruza milandu ndi kusonkhetsa chakudya zinapita m'manja mwa makomiti ndi alembi a chipani. Pofika 1975 atsogoleri anali atazolowera kulamulira popanda mfumu.

Ku Tete zinthu zinafika poipa kwambiri. FRELIMO inatsegulanso nkhondo kumeneko mu Malichi 1968 kudzera ku Zambia. Mu Julayi 1970 Kaúlza de Arriaga, mkulu wa asilikali a Portugal ku Mozambique, anaponya asilikali masauzande, ndege ndi mahelikopita ku Mueda pa nkhondo yomwe anaitcha Nó Górdio. Analanda misasa ikuluikulu, koma anaipeza eni ake atasamuka, ndipo FRELIMO inakankhira mphamvu zake ku Tete, komwe Apwitikizi ankamanga damu la Cahora Bassa. Damulo silinagumulidwe, koma kuliteteza kunamangirira asilikali ambiri pamalo amodzi, a FRELIMO n'kuwoloka Zambezi pa mabwato usiku. Mu 1972 anali atalowa ku Manica ndi Sofala.

Msilikali akalephera kusiyanitsa mlimi ndi mdani, amayamba kupha mlimi. Pa 16 Disembala 1972 makomando a Apwitikizi pamodzi ndi apolisi achinsinsi a DGS anapha anthu osachepera 385 ku Wiriyamu, Chawola, Juwau ndi midzi yoyandikana nayo, kummwera kwa mzinda wa Tete, pa mlandu wokana kulowa m'midzi ya waya ndi kudyetsa zigawenga. Ansembe achikatolika a ku Spain analemba maina a ophedwa, ndipo Bambo Adrian Hastings anaitulutsa nkhaniyi mu The Times pa 10 Julayi 1973, patatsala masiku ochepa kuti Marcelo Caetano, nduna yaikulu ya Portugal panthawiyo, afike ku London. Boma la Portugal linadzapepesa mu 2022, kudzera mwa nduna yaikulu António Costa.

aMbewe_Ntcheu

Zikomo a Jere ndi mayi Nangondo, maso atseguka. Komabe FRELIMO poyamba inali mgwirizano wa magulu atatu, UDENAMO, MANU ndi UNAMI, wokhala ndi aphunzitsi, abusa ndi amalonda. Zinatheka bwanji kuti pomaliza mawu onse akhale a asilikali?

Mphunzitsi Nkhoma

Achimwene, zinachitika m'zaka zinayi zokha, 1966 mpaka 1970, ndipo mkangano wake unayambira pa katundu yemwe a Jere anena.

Ku Cabo Delgado ulamuliro wa anthu wamba unali m'manja mwa akuluakulu otchedwa machairman, motsogozedwa ndi Lázaro Nkavandame, yemwe anatchuka kale ndi bungwe la alimi a thonje m'zaka za m'ma 1950. Iwowa ndiwo ankayendetsa malonda a pa Rovuma: alimi ankabweretsa chitowe, mtedza ndi mbibu, n'kusinthitsa ndi mchere, nsalu, sopo ndi makasu. Akuluakulu a asilikali, ambiri achinyamata ophunzitsidwa ku Algeria ndi ku Nachingwea, ankati machairman akudyera alimi masuku pamutu pa mitengo. Machairman ankati anyamatawa ndi achipongwe ndipo akulamulidwa ndi anthu a kummwera. Pansi pa zonsezi panali funso limodzi: chakudya ndi amtengatenga azilamulidwa ndi ndani?

Filipe Samuel Magaia, mkulu wa asilikali, atawomberedwa mu Okutobala 1966, mpando wake unapita kwa Samora Machel. Kuyambira pamenepo mfundo inali yoti aliyense, kaya mphunzitsi kaya namwino, adutse maphunziro a ndale ndi usilikali. Ana a sukulu ya Mozambique Institute ku Dar es Salaam anaukira mfundo imeneyi mu 1968, mothandizidwa ndi wansembe Mateus Gwenjere, ndipo sukuluyo inatsekedwa. Msonkhano waukulu wachiwiri wa chipani unachitikira m'kati mwa dziko, ku Matchedje ku Niassa, mu Julayi 1968. Malowo pawokha anakomera asilikali, popeza m'tchire nthumwi zambiri zinali zawo. Nkavandame ndi anthu ake sanapite. Mu Disembala chaka chomwecho Paulo Samuel Kankhomba, mmodzi wa akuluakulu a asilikali, anaphedwa pafupi ndi malire ndi anyamata a mbali ya machairman. Nkavandame anachotsedwa, n'kukadzipereka kwa Apwitikizi kumayambiriro kwa 1969.

Pa 3 Febuluwale 1969 Eduardo Mondlane, pulezidenti woyamba wa FRELIMO, anaphedwa ndi bomba lobisidwa m'phukusi ku Dar es Salaam. Wachiwiri wake, Mbusa Uria Simango, sanapatsidwe mpando yekha. Anamuika m'gulu la atatu ndi Machel ndi Marcelino dos Santos. Atalemba chikalata chodzudzula anzakewo mu Novembala 1969 anachotsedwa, ndipo mu Meyi 1970 Machel anakhala pulezidenti.

Chimene ndikufuna muone ndi phunziro lomwe opambanawo anatolapo. Pa nkhondo ya m'tchire kazitape mmodzi amaphetsa msasa wonse, ndipo PIDE inalidi ndi akazitape m'chipanimo. Ndiye wotsutsa aliyense anayamba kuoneka ngati kapirikoni. Maganizo amenewa pa nkhondo amapulumutsa miyoyo, koma anawoloka nawo n'kulowa nawo m'boma osawavula. Pangano la ku Lusaka linapereka dziko kwa FRELIMO popanda chisankho. M'boma la kanthawi lomwe linayamba pa 20 Sepitembala 1974, Joaquim Chissano ali nduna yaikulu, FRELIMO inasankha nduna zisanu ndi imodzi, Portugal zitatu. Mu 1975 Simango, Nkavandame, Joana Simeão ndi ena anaimikidwa pamaso pa khamu ku Nachingwea kuti avomere milandu, kenako anatumizidwa ku M'telela ku Niassa, ndipo anaphedwa popanda kuzengedwa mlandu m'khoti. Ku Malawi ndi ku Zambia chipani chimodzi chinadzabweranso, inde, koma chinayenera kudutsa m'mavoti ndi kunyengerera mafumu kuti chipambane. FRELIMO sinakhalepo ndi ngongole yotere kwa mfumu iliyonse.

aPhiri_Mwanza

Ndiwonjezepo ziwiri: za kwathu kuno ndi za ku Portugal.

Nkhondoyi inabuka mwezi womwewo womwe nduna za Kamuzu Banda zinagalukira, Sepitembala 1964, ndipo chimodzi mwa zomwe ndunazo zinkadandaula chinali ubale wake ndi Apwitikizi. Katundu wa Malawi ankadutsa pa njanji ya ku Beira, ndipo mu 1970 inatsegulidwa ina yochoka pa Nkaya kudzera pa Nayuchi kupita ku Nacala. Ena mwa omwe anathawa, monga Kanyama Chiume, anali ku Dar es Salaam komwe kunalinso likulu la FRELIMO. Choncho Banda analola othawa nkhondo ndi ofesi ya FRELIMO ku Blantyre, koma kudutsitsa zida anakukaniza, uku akugwirizana ndi Jorge Jardim, Mpwitikizi wamalonda yemwe anali kazembe wapadera wa Malawi ku Beira. Zotsatira zake zinaoneka pa mapu: nkhondo ya ku Zambézia ndi ku Tete yomwe inayambika mu 1964 inazima msanga posowa njira ya zida, ndipo ku Zambézia, chigawo cha anthu ochuluka, FRELIMO inadzabwereranso mu 1974. Dera lomwe silinadutse m'manja mwa chipani pa nthawi ya nkhondo ndi lomwenso RENAMO, gulu lomwe linadzamenyana ndi boma la FRELIMO, inadzapezako malo mosavuta m'zaka za m'ma 1980, ndipo othawa nkhondo imeneyo, pafupifupi miliyoni imodzi, anadzadzaza Nsanje, Mulanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza.

Ku Portugal nako nkhondo inagwetsa boma. Dziko laling'ono linkamenya nkhondo zitatu, ku Angola, Guinea-Bissau ndi Mozambique, n'kumathera pafupifupi 40 peresenti ya bajeti pa usilikali. Mnyamata ankatha kukhala m'usilikali mpaka zaka zinayi, ndipo ambiri anathawira ku France. Ophunzira usilikali wa ukadaulo anachepa, boma n'kutulutsa lamulo mu Julayi 1973 lolola maofesala ongolembedwa mokakamiza kudumpha anzawo a ntchito yokhazikika. Madandaulo a makaputeni pa za maudindo ndiwo anasanduka gulu la ndale. Mu Januwale 1974 azungu a ku Beira anagenda malo a maofesala, ati asilikali akulephera kuwateteza, zomwe zinawawa makaputeni kwambiri. Pa 25 Epulo 1974 analanda boma ku Lisbon. Kuchokera apo msilikali wamba sanafunenso kufa, moti pa 1 Ogasiti gulu lonse la pa kampu ya Omar, pafupi ndi Rovuma, linagwidwa popanda kuwomberana. Nthumwi za Portugal zinapita ku Lusaka zilibe mphamvu youmirira chisankho.

Nangondo

A Nkhoma anena zoona, koma pali mbali ina yofunika kuiika pambali pake. Madera omasulidwa aja anali ndi anthu ochepa poyerekeza ndi dziko lonse. Lourenço Marques (Maputo wa lero), Beira, Nampula, Gaza ndi Inhambane sanalamulidwepo ndi FRELIMO nkhondo ili m'kati. Vuto linabwera pamene zomwe zinagwira ntchito m'tchire la Mueda anazitenga ngati muyeso wa dziko lonse. Munda wa onse unali ndi tanthauzo pamene ndege zinkaponya mabomba ndipo asilikali odyetsedwawo anali ana a m'mudzi momwemo. Mtendere utabwera, mlimi wa ku Angónia sanaone chifukwa chosiyira dimba lake. Midzi ya chitukuko, aldeias comunais, inadzasonkhanitsa anthu oposa miliyoni imodzi, ndipo ina mwa iyo inali ma aldeamentos omwe aja atangosinthidwa dzina. Chitupa choyendera, guia de marcha, chinatsala. Mafumu, asing'anga, chinamwali ndi mitala zinatchedwa za umbuli. RENAMO, yomwe inaumbidwa ndi akazitape a Rhodesia kenako n'kuleredwa ndi South Africa, inkati ikalowa m'dera inkayamba ndi kubwezera mfumu pampando ndi kuuza anthu kuti abwerere kumabwinja kwawo. Boma linadzavomerezanso mafumu ndi lamulo la nambala 15 la chaka cha 2000.

Zabwino zomwe zinachokera m'tchire tisazikwirire. Sukulu za pansi pa mtengo ndi zipatala za m'misasa zinaphunzitsa chipani kufikira anthu ndi zipangizo zochepa, ndipo luso limenelo linaoneka pa katemera wa dziko lonse wa 1976 mpaka 1979, yemwe anafikira anthu oposa 90 pa 100 alionse. Chipwitikizi chinakhala chilankhulo cha boma chifukwa ku Nachingwea Mmakonde, Mnyanja, Msena ndi Mshangana analibe china chomvanirana, ndipo asilikali ankatumizidwa dala kukamenya kutali ndi kwawo.

Gulu lomwe limaiwalika ndi la Amozambique omwe anamenyera mbali ya Portugal. Pofika 1973 asilikali a Portugal m'dzikomo anali oposa 50,000, ndipo oposa theka anali olembedwa m'Mozambique momwemo, ambiri akuda: ena ogwidwa ndi lamulo la usilikali, ena a m'magulu apadera a GE, GEP, makomando ndi Flechas. Chiwerengero chawo chinkaposa cha asilikali a FRELIMO kangapo. Pangano la ku Lusaka silinawakonzere tsogolo. Ena anathawira ku Rhodesia n'kukhala mbewu yoyamba ya RENAMO. Otsala anatchedwa comprometidos, kutanthauza odetsedwa ndi kutumikira atsamunda, ndipo kuyambira 1978 zithunzi zawo zinkamatidwa pa khoma la kuntchito kwawo, pansi pake patalembedwa zomwe anachita pa nthawi ya atsamunda, ndipo sankaloledwa kusankhidwa pa udindo uliwonse. Zithunzizo zinatsitsidwa mu 1982, Machel atachita nawo misonkhano ya masiku angapo ku Maputo, komwe ankawaimiritsa mmodzimmodzi kuti afotokoze mbiri yawo pamaso pa anthu.